Phunziro la Zaumoyo: Kuundana kwa Magazi mwa Odwala Matenda a Maganizo

Phunziro ili ndalilemba kuti liwerengedwe pa msonkhano wa gulu, ndipo ndikupempha amene atsogolere kuti asathamange nalo. Ngati nthawi yachepa ndi bwino kuligawa pawiri. Mubwere ndi tepi ya telala kapena kachingwe kotalika ngati mkono. Ntchito yake muiona kumapeto.

Ndiyamba ndi nkhani imene yandivutitsa mumtima kwa zaka zambiri. Ndili namwino wachitsikana, pachipatala china chimene sinditchula, tinalandira mayi amene anasokonekera mutu patangotha masabata awiri chibadwire mwana wake. Abale anabwera naye atamumanga manja ndi miyendo ndi zitenje, pakuti panjira ankafuna kudumpha m'galimoto. Sabata yomweyo anali atadwalanso chimfine chachikulu, akutsokomola, thupi lili moto. Tinamubaya jakisoni womukhazika pansi ndipo anagona. Anagona tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, ife n'kumakondwa kuti wodwala wathu wafatsa. Phala ankangolawa, madzi ankakana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi apongozi ake, amene anali gadiyani, ananditsatira pakhonde nati, "Anamwino, mwendo wakumanzerewu wakula kuposa unzake." Ndinayang'ana mothamanga, ndinawayankha kuti ndi pamene anamumanga paja, patha pokha. M'mawa mwake mayiyo anadzuka kuti apite kuchimbudzi, anayenda mapazi owerengeka, anagwira pachifuwa nagwa. Sanadzukenso.

Abale ena anati ndi ufiti, ena anati jakisoni ndiye wamupha. Dokotala amene tinkagwira naye ntchito anandiitana padera nandifotokozera kuti magazi anali ataundana m'mtsempha wa mwendo uja, ndipo mayiyo ataimirira ntchintchi ya magaziyo inathothoka n'kukatseka njira ya magazi m'mapapo. Apongozi aja sanapite kusukulu, koma anaona chimene ine wovala yunifolomu sindinachisamale. Ndi chifukwa chake ndikulembera inu, pakuti pachipatala ngakhale pakhomo, amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa ndi kuona miyendo yake ndife amayi.

Magazi amaundana bwanji m'kati mwa thupi?

Kuundana kwa magazi pakokha si matenda. Mukadzicheka ndi mpeni posenda mbatata, magazi amatuluka pang'ono kenaka amagwirana n'kutseka bala. Pakanapanda zimenezi bwenzi tikufa ndi kabala kakang'ono. Vuto limabwera magazi akaundana pamene palibe bala, m'kati mwa mitsempha ikuluikulu imene ili pakatikati pa mnofu wa mwendo. Achipatala vuto limeneli amalitcha DVT.

Mtima umapopa magazi kupita kumapazi mosavuta, koma kuti magaziwo abwerere ayenera kukwera chitunda. Chimene chimawakankha ndi akatumba a mwendo. Nthawi iliyonse tikaponda pansi, katumba amafinya mitsempha ndipo magazi amakwera. M'mitsemphamo muli titseko ting'onoting'ono toletsa kuti asabwerere pansi. Munthu akagona masiku osayenda, akatumba amaleka ntchito imeneyi ndipo magazi amayenda mwaulesi.

Ife a kuchigwa kuno chitsanzo tili nacho pafupi. Pamene mtsinje wa Shire ukuthamanga, namasupuni sakhazikika. Koma pitani m'mbali mwa dambo la Ndindi pamene madzi aima, mukapeza atagwirana mpaka bwato kulephera kudutsa. Tsiku lina madzi akawonjezeka, chigamba cha namasupuniyo chimathothoka, chimayandama mpaka chikafike pangalande yopapatiza, ndipo pamenepo chimatseka. Ndi mmenenso ntchintchi ya magazi imachitira. Imachoka m'mwendo, imadutsa mumtima, n'kukakakamira m'mitsempha ya m'mapapo. Ikakhala yaing'ono munthu amabanika ndi kumva kubaya m'chifuwa. Ikakhala yaikulu amatha kufa m'mphindi zochepa, monga mayi uja.

Dokotala wa ku Germany dzina lake Rudolf Virchow anafufuza za ulendo umenewu wa magazi oundana m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero ophunzira unamwino amaloweza zinthu zitatu zimene zimatchulidwa ndi dzina lake: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuvulala, ndi magazi enieniwo kusintha n'kukhala osachedwa kugwirana. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikhoza kuyambitsa vuto. Mwa mayi uja zinakumana zonse.

Chimfine ndi Covid-19

Ambiri a ife chimfine timachiyesa matenda a m'mphuno ndi pakhosi basi. Komatu kachilombo kakalowa mwamphamvu, thupi lonse limalimbana nako, ndipo pankhondo imeneyi magazi amasintha n'kukhala okonzeka kuundana. Kutentha thupi kumachotsa madzi kudzera m'thukuta ndi m'mpweya. Wodwala safuna kudya kapena kumwa, ndipo amagona. Anamwino akale tinkadziwa kuti chibayo ndi chimfine chachikulu zimatha kutsatidwa ndi mwendo wotupa, koma chimene chinatsegula maso a dziko lonse ndi Covid-19.

Mukumbukira kuti odwala oyamba m'Malawi muno analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo matendawa anavuta kwambiri mu January 2021. Pa 12 January chaka chimenecho tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, amene ife a kuchigwa cha Shire tinkawadziwa bwino. Nthawi imeneyo madokotala a maiko ambiri anaona kuti odwala Covid-19 ambiri akupezeka ndi magazi oundana m'miyendo ndi m'mapapo, kuposa mmene zimakhalira ndi chimfine cha masiku onse. Kachilombo kameneka kamavulaza khoma la m'kati mwa mitsempha, ndiye kuti chachiwiri pa zinthu zitatu zija.

Ku Sweden akatswiri anatsatira anthu oposa 1 miliyoni amene anapezeka ndi Covid-19, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2022. Anapeza kuti chiopsezo cha magazi kuundana m'mwendo chimakhalabe chokwera mpaka miyezi 3, ndipo cha m'mapapo mpaka miyezi 6 kuchokera pamene munthu anadwala. Chinali chachikulu mwa amene anadwalika kwambiri, koma ngakhale amene anadwala pang'ono sanatsale. Mfundo imeneyi muigwire: chifuwa chikhoza kutha, munthu n'kumaoneka kuti wachira, koma magazi asanabwerere m'malo mwake.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu May 2023 kuti Covid-19 salinso mliri wadzidzidzi. Izi sizikutanthauza kuti kachilomboko kanatha. Kakadalipo pamodzi ndi tizilombo tina ta chimfine, ndipo masiku ano ndi ochepa amene amayezedwa. Choncho ine sindifunsanso dzina la kachilombo. Ndimangofunsa kuti, kodi munthuyu wadwala chimfine kapena chifuwa chomugoneka m'miyezi yapitayi?

Ndikudziwa kuti wina pagulupo afunsa za katemera, pakuti mphekesera zinali zambiri. Ndi zoona kuti katemera wa AstraZeneca, amene anafika kuno mu March 2021, anapezeka kuti mwa anthu ochepa kwambiri ankayambitsa mtundu wina wa kuundana kwa magazi m'masabata oyamba atabayitsa. Koma amene magazi awo anaundana chifukwa cha matenda enieniwo anali ochuluka kutalitali. Amene munabayitsa kalelo musade nkhawa lero.

Chifukwa chiyani odwala maganizo ali pachiopsezo choposa?

Pano ndiye pagona phunziro lathu, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Choyamba ndi kugona. Munthu amene ali ndi matenda okhumudwa kwambiri amatha kukhala pamphasa tsiku lonse atayang'ana kukhoma, sabata n'kutha. Pali mtundu wina wa matenda a maganizo umene munthu amauma ngati chitsa, osayankhula, osadya, osasuntha, mwina ataima kapena atakhala malo amodzi kwa maola ambiri. Achipatala amati catatonia. Ameneyu ndiye ali pangozi yaikulu, ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Winanso ndi amene anali wolusa ndipo wapatsidwa mankhwala ogonetsa. Tonse timapuma akagona, wodi imakhala bata, gadiyani amapeza mpata wokaphika. Sindikuweruza munthu, pakuti ine ndinakondwa nawo tsiku lija. Koma tulo ta masiku atatu si kuchira.

Chachiwiri ndi mankhwala. Amene muli ndi abale odwala mukuwadziwa maina monga chlorpromazine, haloperidol, risperidone, ndi jakisoni wa pamwezi uja. Kafukufuku wamkulu wa ku England amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti omwa mankhwala a gulu limeneli ali ndi chiopsezo chokwererapo, makamaka m'miyezi 3 yoyamba, pamene chimatha kuwirikiza kawiri. Koma mvetsetsani bwino, amayi. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mwa anthu 10,000 omwa mankhwalawa chaka chathunthu, owonjezereka amene magazi awo anaundana anali pafupifupi 4 okha. Tsono wina asachoke pamsonkhano pano n'kukabisa mapiritsi a mwana wake. Kusiya mankhwala kumabweretsa matenda aja mwamphamvu, munthu amamangidwanso, amabayidwanso jakisoni wamkulu, ndipo chiopsezo chimene mumathawa chija chimakula. Mankhwala apitirire; ife tiwonjezere maso.

Chachitatu ndi kumanga. Ili ndi bala la m'midzi mwathu, tisabisane. Mnyamata akasokonekera mutu, kaya ndi chamba kaya ndi matenda ena, timamumanga ndi chingwe kapena unyolo pamtengo kapena pamzati wa nyumba. Ndaonapo wina atamangidwa ndi linya, mapazi atatupa ngati mitanda ya nsima. Ndikumvetsa mantha a banja pamene munthu akuswa ziwiya ndi kuopseza ana. Koma chingwe chimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimaletsa mwendo kuyenda ndiponso chimafinya ndi kuvulaza mtsempha. Maiko ambiri alembapo za odwala amene anagwa n'kufa atangomasulidwa kumene patapita masiku ali omangidwa. Ngati palibiretu njira ina yofikitsira munthu kuchipatala, kumangako kukhale kwa paulendo pokha, ndi nsalu yofewa yotambalala, yosathina, ndipo wina akhale pambali pake nthawi yonse. Kumusunga womangidwa pakhomo kwa masiku kudikira kuti mutu ubwerere ndi kuika moyo wake pachiswe.

Chachinayi ndi madzi. Kuno kutentha kwa October ndi November kumapitirira madigiri 40. Munthu wabwinobwino akamva ludzu amapita kumtsuko. Wodwala maganizo mwina samva ludzu, mwina akuopa kuti m'madzimo mwathiridwa chiphe, mwina wagona ndi mankhwala. Magazi a munthu wopanda madzi m'thupi amakhala ngati phala limene lakhalitsa pamoto. Apa ndinenepo mawu amodzi okhudza mapemphero. Kupempherera wodwala ndi ntchito yathu ndipo tisaleke. Koma ndamva za malo ena kumene odwala misala amasungidwa atamangidwa ndi kuuzidwa kuti asale kudya ndi kumwa masiku angapo kuti mizimu ituluke. Amene akufuna kusala asale yekha m'malo mwa wodwalayo. Wodwala amwe.

Ndipo chachisanu, chimene chimandipweteka koposa: munthu wodwala maganizo samvedwa. Akati mwendo ukupweteka timati wayamba zake zija. Akati akubanika timati ndi mantha chabe. Akayamba kujijirika ndi kuvula malaya chifukwa mpweya ukuchepa m'thupi, timati misala yabwereranso, timuwonjezere mankhwala ogonetsa. Ena sanena n'komwe. Munthu wosokonekera mutu amadwalanso malungo, chibayo, shuga ndi matenda a mtima monga wina aliyense.

Tsopano ikani chimfine pamwamba pa zonsezi. M'wodi ya odwala maganizo anthu amagona moyandikana, amadyera pamodzi, ndipo n'kovuta kuuza munthu wosokonekera kuti atseke pakamwa potsokomola. Chimfine chikalowa chimayenda bedi ndi bedi. Wodwala akapatulidwa m'kachipinda kuti asapatsire anzake, kuyenda kuja kumacheperanso. Ku England malangizo a zachipatala a mu 2018 amanena kuti aliyense wogonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo ayesedwe ngati ali pachiopsezo cha kuundana kwa magazi atangofika. Kwathu kuno anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo namwino mmodzi sangavundukule miyendo ya wodi yonse tsiku ndi tsiku. Gadiyani ndi mlendo wodzazonda akhoza.

Pali zinanso zimene zimawonjezera chiopsezo, ndipo muyenera kuwauza achipatala ngati wodwala wanu ali nazo: kukhala ndi pakati, masabata 6 oyamba mayi atachira, opaleshoni ya posachedwa, kuthyoka mwendo, khansa, HIV, chifuwa chachikulu cha TB, kunenepa kwambiri, kusuta fodya, ukalamba, ndi ena mwa mapiritsi olera akumwa tsiku ndi tsiku. Amene magazi ake anaundanapo kale, kapena amene kubanja kwawo zinachitikapo, anene msanga.

Zimene muyenera kuona

Chizindikiro chachikulu ndi mwendo umodzi kutupa kuposa unzake. Kawirikawiri kutupako kumayambira pakatumba, ndipo kukhoza kukwera mpaka pantchafu. Mwendowo umapweteka ngati kukokana kosatha, makamaka poima kapena poyenda. Mukaukhudza ndi kuseri kwa dzanja umamveka wofunda kuposa unzake, khungu limakhala lothina ndi lonyezimira, ndipo limatha kuderako. Mabuku a azungu amati mwendo umafiira, koma pakhungu lathu kufiira sikuoneka bwino, choncho dalirani kukula ndi kufunda.

Si kutupa konse kumene kuli kwa magazi oundana. Miyendo yonse iwiri ikatupa mofanana, kawirikawiri vuto limakhala la mtima, impso, kuchepa kwa magazi kapena kusowa zakudya m'thupi. Kuno ku Nsanje ndi Chikwawa tikudziwanso matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, amene mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wawagonjetsa, ngakhale kuti akuluakulu ena amene anadwala kale akadali ndi miyendo yotupa. Kutupa kumeneko kumabwera pang'onopang'ono kwa zaka. Kumene tikunena pano kumabwera m'masiku ochepa. Bala lolowa tizilombo limathanso kutupitsa mwendo umodzi. Kusiyanitsa zimenezi si ntchito yanu; zonsezo n'zofunika chipatala.

Zizindikiro zoti ntchintchi yafika m'mapapo ndi izi: kubanika mwadzidzidzi, kupuma mofulumira munthu ali chikhalire, kubaya m'chifuwa pokoka mpweya, mtima kuthamanga, kutsokomola magazi, chizungulire kapena kukomoka. Nthawi zina zimabwera mwendo usanaonetse kanthu. Chosokoneza n'chakuti munthu amene wangodwala chimfine amakhala akutsokomola kale, ndiye timati ndi chifuwa chomwe chija. Funsani motere: kodi anali kupezako bwino kenaka wabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi? Ngati ndi choncho, musadikire kuti kuche.

Mukaona zimenezi

Musasisite mwendowo, musauthowe ndi madzi otentha, musaumange ndi nsalu, ndipo musalole kuti utemedwe mphini. Ndikudziwa kuti dzanja la mayi likaona chotupa limafuna kusisita, koma kufinya kukhoza kuthothola ntchintchi ija. Musamuyendetse wapansi ulendo wautali kapena kumupalasitsa njinga, anyamulidwe. Pitani naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ndipo ngati akubanika pemphani kuti atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, malinga ndi kumene muli. Tengani kabuku kake ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.

Mukafika musayambe ndi mawu oti ndi wamisala, pakuti mukatero maganizo a onse amapita kumutu n'kuiwala mwendo. Nenani mwaulemu koma momveka: "Adokotala, mwendo umodzi watupa kuyambira dzana. Anadwala chimfine mwezi watha, wakhala chigonere masiku asanu, ndipo akumwa mankhwala awa. Kodi sangakhale magazi oundana?" Wachipatala wabwino sakwiya ndi funso lotere. Ngati woyamba sanakumveni, monga ine sindinawamvere apongozi aja, kauzeni wachiwiri.

Kuti atsimikize amaunika mwendo ndi sikani, yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Nthawi zina wodwala amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri timati ku Gulupu. Mankhwala alipo ndipo amathandiza. Amayamba ndi jakisoni wa heparin kapena wofanana naye, kenaka mapiritsi monga warfarin kapena ena atsopano, kwa miyezi yosachepera 3. Mankhwalawa amaletsa ntchintchi kukula ndi zina kupangika, pamene thupi likusungunula yakaleyo pang'onopang'ono.

Warfarin ndi mankhwala ofuna chisamaliro, ndipo kwa munthu amene mutu sukuyenda bwino ndi bwino kuti mapiritsi asungidwe ndi wachibale mmodzi wodalirika. Akachuluka munthu amataya magazi, akachepa sagwira ntchito, choncho magazi amayenera kuyezedwa kawirikawiri. Sagwirizana ndi mankhwala ambiri: ena a TB amawafooketsa, chimodzimodzi carbamazepine amene ena amamwa chifukwa cha khunyu kapena maganizo, pamene asipirini ndi bulufeni wa pagolosale amawonjezera ngozi yotaya magazi. Mankhwala azitsamba ndi mowa apewedwe. Masamba monga mpiru, bonongwe ndi nkhwani asasiyidwe, koma adyedwe mofanana masiku onse, osati sabata ino mbale yodzaza sabata yamawa osalawa n'komwe. Mayi woyembekezera sayenera kumwa warfarin chifukwa amavulaza mwana m'mimba. Iye amapatsidwa jakisoni. Mukaona magazi m'nkhama, kamfuno wosaleka, mkodzo wofiira kapena chimbudzi chakuda ngati phula, bwererani kuchipatala msanga.

Kupewa, pachipatala ndi pakhomo

Zopewera zake n'zosafuna ndalama. Wodwala adzuke ndi kuyenda kangapo pa tsiku, ngakhale kungozungulira wodi kapena bwalo la nyumba mutamugwira mkono. Mankhwala ena a maganizo amachititsa chizungulire poimirira, choncho ayambe wakhala tsonga m'mphepete mwa bedi kwa kanthawi asanaime. Chlorpromazine amapangitsanso khungu kupsa ndi dzuwa, ndiye kuyendako kukhale kwa m'mawa, madzulo kapena pamthunzi. Amene sangathe kudzuka, muthandizeni kupinda ndi kuwongola mawondo ndi kugwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi ngati akupalasa makina osokera. Izi ndi za mwendo umene sunatupe. Wotupa kale usiyeni mpaka auone achipatala.

Madzi apatsidwe pang'onopang'ono tsiku lonse, osadikira kuti apemphe. Akakana madzi yesani thobwa, phala lamadzimadzi, tiyi kapena madzi a malambe. Amene akuopa chiphe, imwani inu poyamba m'kapu yomweyo iye akuona. Njira imeneyi yandithandiza kambirimbiri. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wodera ngati tiyi wopanda mkaka, madzi akuchepa. Akatha tsiku lathunthu osamwa kanthu, kauzeni anamwino kuti aganize za diripi.

Tsono pali ulendo wobwerera kumudzi, umene ambiri sitiuganizira. Amene matenda awo akula amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo. Kuchokera ku Zomba kufika kuno ku Marka ndi makilomita opitirira 250: kufika ku Blantyre, kutsika mapiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire, kudutsa Nchalo, Ngabu, Bangula, mpaka Nsanje, kenaka kusakanso galimoto ya kumalire. Ndi ulendo wa tsiku lonse m'minibasi, mawondo atapanikizika ndi mpando wa kutsogolo, katundu ali pamiyendo. Kafukufuku amene bungwe la WHO linalengeza mu 2007 anaonetsa kuti kukhala chikhalire paulendo wa maola 4 kapena kuposerapo kumawirikiza chiopsezo pafupifupi kawiri. Ndipo ife amayi tili ndi chizolowezi chosamwa madzi paulendo poopa kuvutitsa adalaivala. Wodwala amene mwamutenga musamuchite zimenezo. Amwe, atsike ndi kuyendako paliponse pamene galimoto yaima, chikwama chichoke pamiyendo pake, ndipo ali pampando azigwedeza mapazi.

Akafika pakhomo musamutsekere m'nyumba pochita manyazi ndi anthu. Asese pabwalo, apite kumjigo ndi anzake, aperekeze mbuzi, apite nanu kudimba m'mawa. Zimenezi zimathandiza mutu ndi miyendo yomwe. Ndipo pokumbukira miyezi 6 ija ya ku Sweden, kuyang'ana miyendo kusathere tsiku lotuluka m'chipatala. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe kuti pakhomo panu pabwera wodwala wotere.

Ife amene timayenda m'magulu kukazonda odwala, kawirikawiri timafika ndi ufa, sopo ndi nkhuni, timakhala pakhonde, timacheza ndi gadiyani, wodwala ali m'kati chigonere. Pakhomo pamene pali wodwala maganizo ena timaopa n'kulowa komwe. Ndikupempha kuti mwa amene apita, mmodzi alowe, amupatse moni pomutchula dzina kapena mfunda wake monga munkachitira asanadwale, ndipo apemphe chilolezo choona miyendo yake. Ngati ndi bambo, pemphani mkazi wake kapena mlongo wake kuti aone inu mukumuuza poyang'ana. Funsani mafunso atatu: wayenda lero? Wamwa chiyani? Wadwalapo chimfine posachedwa?

Zochita pa msonkhano

Tsopano tulutsani tepi kapena kachingwe kaja, mukhale awiriawiri. Mmodzi akhale pampando, mapazi onse ali pansi. Papasani pansi pa bondo kutsogolo, mupeza kafupa kotumphuka. Kuchokera pamenepo tsikani masentimita 10, ndiye kuti pang'ono kuposa kutambalala kwa chikhato cha munthu wamkulu, ndipo zungulizani tepi pakatumba osakoka mothina. Chitani chimodzimodzi mwendo winawo, pamalo ofanana. Amene muli ndi chingwe, mangani mfundo pamene chakumana pamwendo woyamba, kenaka muyese wachiwiri. Miyendo ya munthu wabwinobwino imasiyana pang'ono, ndipo muona zimenezo mwa anzanu. Kusiyana kopitirira masentimita 3, kapena kuti zala ziwiri zogundana, ndiye kumene achipatala amakuwerengera ngati chizindikiro. Koma mwendo ukakhala wopweteka ndi wofunda, musadikire kuti ufike pamenepo.

Aliyense ayese mpaka dzanja lizolowere. Mukatha, kambiranani kuti m'midzi imene gulu lanu limayendera muli makomo angati amene muli munthu wodwala maganizo amene wagona kapena wamangidwa, osatchula maina pagulu, ndipo mugwirizane amayi awiri amene apiteko sabata ino.